Yolira usiku ija si kadzidzi ayi

Achemwali, mwafunsa za mbalame imene ikukusowetsani tulo ku Randburg, mumzinda wa Johannesburg, yolira katatukatatu usiku wonse chiyambire Okutobala, ndipo mwati mukuopa kuti mwina ndi kadzidzi wodzalosera zoipa. Mtima pansi. Imeneyo anthu a kuno amaitcha Piet-my-vrou, m'mabuku a mbalame amati red-chested cuckoo. Kadzidzi mawu ake ndi okhuthala, apansipansi, pomwe iyi imaliza likhweru lakuthwa, mawu atatu otsika, n'kumabwereza osatopa. Yolirayo ndi yaimuna, ikuitana yaikazi ndiponso kuuza zinzake kuti dera lino lili ndi mwini.

Ndi mbalame yapaulendo. Nyengo yozizira imakhala kumpoto, cha pakati pa Africa, ndipo imatsikira kuno mvula ikayandikira kudzaswana. Ngakhale kwathu ku Malawi iliko. Kuiona n'kovuta, chifukwa imakhala phee pamwamba pa mtengo wamasamba ambiri. Mukapirira pansi pa mtengowo m'mamawa mudzaona mbalame yotuwa, yocheperako pang'ono kwa nkhunda, pachifuwa pofiirira, pamimba pali mizeremizere.

Chimene chimandigwira mtima ine, amene ndimagwira ntchito ya m'magadeni, ndi kaleredwe kake. Simanga chisa. Yaikazi imazembera chisa cha kambalame kena, makamaka Cape robin-chat, kaja ka pakhosi pachikasu chofiirira ndi kamzere koyera pamwamba pa diso, kamene kamadumphadumpha pansi pa maluwa. Mwini chisa akangochoka, iyo imaikira dzira limodzi n'kuthawa. Mwanapiye wake akaswa, asanaphenye n'komwe, amasenza mazira kapena ana a mwini chisa pamsana n'kuwagwetsera kunja. Ndinaonapo pa mpanda wa nyumba ina kamayi kaja katatera pambali pa chimwana choposa iko komwe kukula, kakulowetsa mbozi m'chikamwa chayasama, kenako n'kuulukanso kukasaka ina. Chifundo chinandigwira, komabe sindinasokoneze, poti ndi mmene zinalengedwera. Kulirako kudzayamba kuchepa chaka chatsopano chikalowa, kenako idzabwerera kumpoto.

Novembala wa mu Johannesburg ali ngati chizimalupsa kwathu: mvula yoyamba ikangogwa, zonse zimene zinabisala zimatuluka. Mitengo ya jacaranda yachita maluwa, mabingu akugunda chakumadzulo, anamzeze ena abwera kuchokera ku Europe. Zimbalame zaphokoso za hadeda zikuzika milomo yake yaitali m'kapinga wofewa kufuna nyongolotsi. Ngati pafupi nanu pali mtengo wolendewera padamu kapena padziwe losambira, yang'anani mpheta zachikasu zakumaso kwakuda. Yaimuna imayamba yathothola masamba panthambi, kenako imaluka chisa ndi udzu wauwisi, khomo loloza pansi. Ikatha imalendewera chadodolido kunsi kwa chisacho, ikukupiza mapiko ndi kulira. Yaikazi ikapanda kuchifuna, chisacho chimaphwasulidwa ndipo ntchito imayambanso.

Poti mwangofika kumene, ndikuchenjezerenitu za Parktown prawn. Ndi chilombo cha mtundu wa nkhululu, chofiira, chotalika masentimita 6 kapena 7, miyendo yaminga. Chimalowa m'nyumba usiku mvula ikagwa, ndipo chikaopsezedwa chimalumpha n'kutulutsa madzi akuda onunkha. Chilibe ululu. Chimadya nkhono zimene zimatha ndiwo zamasamba m'dimba, ndiye ine sindichipha. Chivindikireni ndi chitini, lowetsani katoni pansi pake, katayeni kunja. Nsapato muzikutumula musanavale.

Ngumbi nazo zimauluka pamagetsi mvula ikakata. Ndikudziwa mtima umakhumba, koma m'magadeni a kuno amapopera mankhwala ophera chiswe ndi tizilombo tina, choncho musatole zakudya pamalo amene simukudziwa chimene anathirapo. Mankhwala omwewo, makamaka a makoswe, ndiwo akupha akadzidzi, chifukwa amadya khoswe wodya kale poizoni. Izi zimandipweteka, poti kadzidzi amene timamuopayo ndiye amachepetsa makoswe m'malokesheni.

Choopa chenicheni ndi njoka ya rinkhals, yakuda, ya mizere yoyera pakhosi, imene imakonda udzu wa m'mbali mwa madambo. Imalavula ululu m'maso, ndipo ikapanikizika imagona chagada ngati yafa. Musaitole. Ikakulavulirani, tsukani maso ndi madzi ambiri ndipo thamangirani kuchipatala.

Mukapeza tsiku lopuma, pitani ku Walter Sisulu National Botanical Garden ku Roodepoort. Pamatanthwe a pafupi ndi mathithi a Witpoortjie pamakhala ziwombankhanga zakuda zotchedwa Verreaux's eagle, zamsana woyera. Pakhomo amalipiritsa. Ngati ndalama yavuta, Delta Park ili pafupi ndi kwanuko ndipo kulowa n'kwaulere, nkhanga ndi mbalame za m'madzi mudzaziona. Lawirirani m'mawa, muyende awiri kapena atatu, foni ikhale m'thumba pamalo opanda anthu, ndipo mitambo ikayamba kuda bwererani msanga, chifukwa ziphaliwali za kuno zimapha anthu.