Kodi zosintha za chipatala zimachepetsa kushota kwa bajeti kapena zimaonjezera?

Aphunzitsi ena a ku Katete andilembera imelo, akuti pa payslip yawo amaona NHIMA, bungwe la boma la Zambia loona za inshuwalansi ya zaumoyo, ikudula mwezi ndi mwezi, ndiye akufunsa kuti kodi zosintha za umoyo ngati zimenezi zimathandiza kuti bajeti ya boma isamashote, kapena ndi zomwe zikutionjezera nkhongole.

Aphunzitsi, zimatengera kuti akulipira ndani, komanso ngati wolipirayo adzakhale akulipirabe pakatha zaka zisanu.

Mkangano umenewu unavuta kwambiri ku America mu 2010 pamene Barack Obama anasainira lamulo la inshuwalansi ya zaumoyo lija amati Obamacare. Ofesi yowerengera bajeti ya Congress (Parliament ya kumeneko), CBO, inati lamulolo lichepetsa kushota kwa bajeti ndi madola pafupifupi 143 biliyoni m'zaka 10. Osati kuti kuchiza anthu kunatchipa ayi. Mkati mwake anaikamo misonkho yatsopano, nkudulanso zina zomwe Medicare, inshuwalansi ya boma ya okalamba, inkalipira zipatala ndi makampani a inshuwalansi, ndiye pa pepala masamu amatuluka bwinobwino. Koma kenako andale anayamba kuzula misonkho ija umodziumodzi, chindapusa cha osagula inshuwalansi anachifikitsa pa ziro ndi lamulo la 2017, msonkho wa zipangizo zachipatala nkuuchotsa mu 2019, pamene thandizo lopita kwa anthu linatsala momwemo chifukwa wandale uti angayerekeze kulanda anthu chinthu choti azolowera kale.

Tibwere kuno kwathu. Mu 2006 boma la a Mwanawasa linachotsa ndalama zolipira pa windo m'makiliniki a kumidzi, mu 2012 nkuzichotsa m'makiliniki onse a boma. Zinathandiza zedi, agogo a ku Chadiza kapena ku Vubwi sankafunikanso kugulitsa nkhuku kuti akaonane ndi nasi. Koma odwala anachuluka, mankhwala ofunika anachuluka, ndipo yonseyo bilu yake inapita ku boma. Chimodzimodzi antchito azaumoyo oposa 11,000 omwe analembedwa mu 2022, amenewo ndi malipiro a mwezi uliwonse mpaka penshoni.

NHIMA ndiyo inabwera ndi lamulo la 2018 kuti ndalama zina zizichokera kwina osati ku thumba la boma lokha. Inu mumadulidwa 1% ya basic, abwana anu nkuikapo 1% ina. Apa mpomwe pali nkhani, chifukwa abwana anu inuyo aphunzitsi ndi boma lomwelo, ndiye 1% yachiwiriyo ikutuluka mu bajeti yomwe ija tikuti tiipepuze. Ndipo amene amasonkha mosaphonya ndi a pa payroll basi. Amayi ogulitsa tomato pa msika wa Kapata ku Chipata, anyamata a njinga mtauni muno, mlimi wa nsawa ndi soya amene ndalama amazigwira kamodzi pachaka akagulitsa, ambiri sali momo, ndipo ena amakumbukira zolembetsa matenda atawagwira kale. Zili ngati chilimba choti osonkha ndi ochepa koma aliyense tsiku lake lolandira akufuna mtolo waukulu. Sikani imodzi kapena dayalisisi (kusefa magazi a odwala impso ndi makina) ya mwezi umodzi imadya zosonkha za anthu angati? Thumba likauma, zipatala ziyamba kudikira malipiro, ndipo pamapeto pake onse amayang'ana ku Ministry of Finance.

Ena amati kupewa kumapulumutsa ndalama. Zoona, neti ndi kupopera m'nyumba nzotchipa kuposa kugoneka mwana wa malungo mu wadi, koma phindu lake limaoneka patapita zaka pamene bajeti imawerengedwa chaka ndi chaka. Onjezanipo za ma dona, mu May 2025 America inalengeza kuti idula madola 50 miliyoni pachaka a mankhwala chifukwa cha kubedwa kwa mankhwalawo, ndipo dzenje limenelo lilibe wina wolikwirira koma ife tomwe.

Ndiye kwa ine, kuno ku Zambia zosinthazi zimaonjezera kushota m'zaka zoyambirira, ndipo sindikuona cholakwika bola tizinena poyera. Komanso chomwe chinatigwetsa mu November 2020 polephera kulipira Eurobond (ndalama zomwe boma linabwereka pa misika ya kunja) sichinali chipatala, zinali nkhongole. Bajeti ikamawerengedwa ku Parliament, inu aphunzitsi muzingoona manambala awiri, yobweza nkhongole ndi ya zaumoyo, kenako muone ngati ya zaumoyoyo ikufika pa 15% ya bajeti yonse ija maiko a mu Africa analonjezana ku Abuja mu 2001.