Mafunso a Owerenga: Makatuni a ku Japan, Malipiro a Pamwezi ndi Mawu a Pansi pa Kanema

Makalata a mwezi uno achokera ku Kasungu ndi ku Mchinji, ndipo onse akukhudza makatuni a ku Japan otchedwa anime, amene achinyamata ambiri akuwaonera pafoni polipira makampani akunja mwezi ndi mwezi. Tawafupikitsa kuti malo akwane.

FUNSO: Ndine mnyamata wa pa boma la Kasungu. Ndinalipira kampani ina kuti ndizionera anime, koma nkhani imene ndinkaitsatira inazimiririka ndili pakati, pomwe msuweni wanga wa ku London akuionerabe ku kampani yomweyo. Kodi andibera?

YANKHO: Achimwene, sanakubereni, ngakhale kuti kudandaula kwanu n'komveka. Ndalama imene mumalipira siigula filimuyo. Imangokupatsani mwayi woonera zimene kampaniyo ili ndi chilolezo choonetsa m'dziko lanu pa nthawi imeneyo. Anime yambiri imapangidwa ndi ndalama zosonkhedwa ndi makampani angapo a ku Japan, monga osindikiza mabuku a zithunzi, nyumba za wailesi yakanema ndi opanga zidole, ndipo gulu limeneli ndilo limagulitsa chilolezo choonetsera kunja. Limagulitsa dera ndi dera, kwa zaka zowerengeka. Mgwirizano wa dera lathu ukatha osauwonjezera, nkhaniyo imachoka kuno koma n'kutsala ku Britain, kumene mgwirizano wake ndi wina.

Chinanso n'chakuti makampaniwo akhala akugulana ndi kutsekedwa. Sony, imene inali kale ndi kampani yoonetsa anime pa intaneti yotchedwa Funimation, inagulanso ina yotere yotchedwa Crunchyroll mu 2021 pa mtengo wa madola 1.175 biliyoni, ndipo mu 2022 inayamba kusamutsira mafilimu a Funimation ku Crunchyroll. Pa 2 Epulo 2024 Funimation inatsekedwa, ndipo anthu amene anali ndi makope apakompyuta a mafilimu amene anagula pa DVD anauzidwa kuti makopewo sadzapezeka ku Crunchyroll. Ngati zinatero kwa anthu amene anaguladi, ife olipira pamwezi tilibe poyambira kudandaula. Kampani ya HIDIVE nayo, kumapeto kwa 2023, inasiya kutumikira mayiko ambiri n'kutsala ndi United States, Canada, Britain, Ireland, Australia ndi New Zealand, choncho nkhani ikagwera m'manja mwa kampani imeneyi, wa ku London aionera koma wa ku Kasungu ayi.

Nthawi zina dongosolo lomweli limatikomera ife. Mu 2020 Netflix inapeza chilolezo choonetsa mafilimu 21 a Studio Ghibli, kampani ya ku Japan yopanga makatuni, m'mayiko ambiri, a ku Africa omwe, koma osati ku United States kapena ku Japan kwenikweniko. Choncho musanalipire, fufuzani chilengezo cha nkhani imene mukuifunayo. Crunchyroll ikamalengeza nkhani zatsopano imakonda kulemba madera amene zidzaonetsedwe, ndipo chimene muyenera kuyang'ana pamndandandawo ndi dzina la Africa.

FUNSO: Ndimakhala kufupi ndi malire a Mwami ku Mchinji, ndipo ndili ndi layini ya ku Zambia kuwonjezera pa ya kuno. Kodi ndikagwiritsa ntchito ya ku Zambia ndingapeze mafilimu ambiri kapena mtengo wotsika?

YANKHO: Kampaniyo imadziwa dziko limene muli poyang'ana adiresi ya intaneti imene netiweki yanu yakupatsani, choncho mukalowa ndi layini ya ku Zambia idzakuwerengerani ngati munthu wa ku Chipata. Komabe musayembekezere zambiri, chifukwa zilolezo za anime nthawi zambiri zimatenga Africa ngati dera limodzi, ndipo Malawi ndi Zambia amagwera mumtolo umodzimodzi. Mtengo umatsatira dziko limene munatsegulira akaunti ndi njira imene mumalipirira, osati layini imene mwaika lero. Mapulogalamu a VPN, amene amaonetsa ngati muli ku America, amasemphana ndi malamulo a makampani ambiri, ndipo amachedwetsa netiweki imene kumalireko imavuta kale.

FUNSO: Ndine mlimi wa fodya wa ku Santhe. Ana anga awiri amakonda makatuniwa ndipo ndimawalipirira ndi khadi ya kubanki, koma ndalama yodulidwa imakwera pomwe iwo akuti mtengo sunasinthe, ndipo miyezi ina khadiyo imakanidwa. Ndikagulitsa fodya ku Chinkhoma ndikufuna kulipiriratu chaka chonse kuti ndipume. Mukuona bwanji?

YANKHO: Bambo, ana anuwo akhoza kukhala kuti akunena zoona. Mtengo ukakhala wa madola, chimene chimasintha ndi mphamvu ya kwacha. Kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene dola imodzi inachoka pa K1,180 n'kufika pa K1,700. Izi zikutanthauza kuti chinthu cha madola 10 chinachoka pa K11,800 n'kufika pa K17,000 kampaniyo isanakweze kalikonse, ndipo pamwamba pake pamabwera ndalama imene banki imadula pa malipiro akunja. Kukanidwa kwa khadi kawirikawiri kumachokera ku kuchepa kwa ndalama zakunja m'dziko muno, kumene kumachititsa mabanki kuika malire a ndalama zimene munthu angalipire kunja. Pitani ku nthambi yanu mukafunse malirewo komanso ngati khadi yanu ndi yololedwa kulipira pa intaneti.

Kulipiriratu chaka kuli ndi ubwino wake, chifukwa kumatsikirako mtengo ndipo kumakutetezani kwacha ikagwanso. Ngakhale zili choncho, ine sindikulimbikitsani kutero, pa chifukwa chimene ndafotokoza pa funso loyamba: palibe amene angakulonjezeni kuti zimene ana anu akuzikonda lero zidzakhalapobe m'miyezi khumi ikubwerayi. Pali njira ina yosaboola thumba. Anime yatsopano imatuluka m'nyengo zinayi pachaka, zoyamba mu Januwale, Epulo, Julayi ndi Okutobala, ndipo nkhani zambiri zimakhala ndi magawo 12 kapena 13, gawo limodzi pasabata. Ana akapirira mpaka nyengo itatha, mwezi umodzi wolipira ukwanira kuonera nkhani zonse zimene akufuna, ndipo zingakhale bwino kwambiri mweziwo utagwera pa tchuthi cha sukulu. Mukangolipira, zimitsani pomwepo dongosolo lodzidula lokha, popeza makampaniwa amapitiriza kudula mwezi uliwonse mpaka mwini wake atawaletsa.

Werengeraninso bandulo, chifukwa kwa ambiri kuno ndiyo imadya ndalama kuposa malipiro enieniwo. Gawo limodzi limatenga mphindi pafupifupi 24, choncho magawo 12 ndi maola pafupifupi asanu. Malinga ndi ziwerengero za Netflix, ola limodzi limadya 0.3 GB pa zithunzi zotsika, 0.7 GB pa zapakati, ndi mpaka 3 GB pa zowala kwambiri za HD. Nkhani imodzimodziyo ingathe 1.5 GB kapena kuyandikira 15 GB, malinga ndi mmene foni yatcheredwera, pomwe pa galasi laling'ono la foni kusiyana kwa zithunzizo sikuoneka kwenikweni. Ana akayamba nkhani yaitali ngati One Piece, imene inayamba mu 1999 ndipo inadutsa magawo 1,000 mu 2021, mudziwiretu kuti fodya wa chaka chimodzi saimaliza.

FUNSO: Anthu ena pa WhatsApp akugulitsa maakaunti otchipa olipira pa Airtel Money kapena Mpamba. Ndigule?

YANKHO: Ayi. Ambiri mwa maakaunti oterowo ndi akaunti imodzi yogulitsidwa kwa anthu ochuluka, kapena yobedwa, ndipo wogulitsayo akasintha pasiwedi mulibe kokadandaula. Kuyambira mu 2023 Netflix inakhwimitsa lamulo loti akaunti ndi ya anthu a nyumba imodzi, choncho maakaunti ogawana amatsekeka msanga kuposa kale.

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa ku Kamwendo, ndipo mng'ono wanga ali ndi vuto la kumva, kotero amadalira mawu olembedwa pansi pa kanema. Nthawi zina mawuwo amasowa, nthawi zina sagwirizana ndi zimene ine ndikumva zikuyankhulidwa m'Chingerezi, ndipo nthawi zina amachedwa kufika. Vuto n'chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani palibe a Chichewa?

YANKHO: Aphunzitsi, funso lanu ndi lofunika kuposa onse amene ndalandira, ndipo ndilitenga pang'onopang'ono. Pali mitundu iwiri ya mawu olembedwa imene anthu amaisokoneza. Woyamba ndi kumasulira kwa zimene zikuyankhulidwa m'Chijapani, ndipo umalembedwera munthu amene akumva mawu koma sadziwa chiyankhulocho. Wachiwiri, umene umadziwika ndi zilembo za CC, umalembedwera anthu a vuto la kumva, ndipo umatchula amene akuyankhula ngakhale asakuoneka, kulira kwa belu, kugogoda kwa chitseko ndi nyimbo. Mng'ono wanu akufunika wachiwiriwu, koma si anime yonse imene ili nawo.

Kusagwirizana kumene mukukuona kumabwera pamene mwasankha mawu oyankhulidwa m'Chingerezi koma zolembedwazo ndi zomasulira Chijapani. Anthu olowetsa mawu a Chingerezi amasintha ziganizo kuti zifanane ndi kayendedwe ka milomo ya katuni, pomwe womasulira zolembedwa amatsatira tanthauzo la Chijapani n'kulifupikitsa kuti liwerengeke m'masekondi ochepa. Onse awiri akunena nkhani imodzi, koma ndi mawu osiyana. Mukamaonera limodzi ndi mng'ono wanuyo, sankhani mawu a Chijapani ndi zolembedwa za Chingerezi, kuti nonse muziwerenga chinthu chimodzi ndipo pokambirana musamatsutsane pa zimene munthu wa m'nkhaniyo wanena. Pamene pali CC, sankhani imeneyo.

Kuchedwako kumachokera ku liwiro la ntchitoyi. Magawo atsopano amafika kwa ife patangopita nthawi yochepa ataonetsedwa ku Japan, kumene nthawi ili patsogolo pa yathu ndi maola asanu ndi awiri, ndipo omasulira amapatsidwa masiku ochepa kuti amasulire, akonze nthawi ya chiganizo chilichonse, ndi kumasuliranso zolembedwa za pazikwangwani, m'makalata ndi pamafoni a anthu a m'nkhaniyo. Situdiyo ikachedwa kutumiza gawolo, onse otsatira amachedwa nawo. Palinso nkhawa yoti makampani ena ayamba kudalira makina omasulira pofuna kuchepetsa ndalama. Mu Julayi 2025 oonera a ku Germany anapeza dzina la ChatGPT, pulogalamu ya pakompyuta yotha kulemba ndi kumasulira yokha, litatsalira m'mawu a Chijeremani a nkhani ina pa Crunchyroll, ndipo kampaniyo inati wolakwa anali kampani ina imene inapatsidwa ntchitoyo, imene inaphwanya mgwirizano wawo. Kwa munthu wakumva, chiganizo cholakwika chimaphimbidwa ndi kamvekedwe ka mawu a woyankhula, koma kwa mng'ono wanu zolembedwazo ndiye filimu yonseyo. Gawo likatuluka ndi zolakwika, dikirani masiku angapo, chifukwa nthawi zambiri amazikonza, ndipo tumizani dandaulo kudzera pa malo othandizira makasitomala, mutatchula gawo ndi mphindi yake.

Za Chichewa, yankho ndi la malonda. Crunchyroll imamasulira m'ziyankhulo monga Chingerezi, Chisipanishi, Chipwitikizi, Chifalansa, Chijeremani, Chitaliyana, Chiarabu ndi Chirasha, chifukwa oyankhula ziyankhulozi amene amalipira ndi ochuluka. Chiyankhulo chilichonse chowonjezera chimafuna chilolezo cha eni filimu, womasulira ndi wokonza, gawo ndi gawo. Oyankhula Chichewa ndi Chinyanja alipo mamiliyoni ambiri ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, koma olipira mwa iwo ndi ochepa, ndipo kampani imawerenga olipirawo. Kwa abale a m'malire amene anaphunzira sukulu ku Mozambique, zolembedwa za Chipwitikizi zilipo pa nkhani zambiri, kungoti kawirikawiri ndi Chipwitikizi cha ku Brazil.

FUNSO: Pa Chamama pano timangopita ndi fulashi kapena memore kwa anyamata obena mafilimu, ndipo ena amakhala omasuliridwa kale m'Chichewa. Cholipirira makampani akunja n'chiyani? Kodi tikulakwira lamulo?

YANKHO: Ndiyambe ndi kuvomereza kuti omasulira mafilimu m'Chichewa aja ali ndi luso, ndipo afikitsa nkhani zakunja kwa agogo ndi ana amene sangawerenge Chingerezi chothamanga pansi pa kanema, ngakhale kuti ena amawonjezera nthabwala zawo mpaka nkhani yeniyeni n'kusokonekera. Iwo aonetsa kuti anthu ofuna mafilimu m'chiyankhulo chawo alipo, chinthu chimene makampani akuluakulu sanachilabadire. Koma lamulo la umwini wa ntchito zaluso la 2016 limati kukopera, kumasulira, kugulitsa kapena kuonetsa pagulu ntchito ya munthu wina kumafuna chilolezo cha mwini wake, ndipo bungwe loyang'anira nkhanizi kuno ndi COSOMA. Amene ali pachiopsezo chachikulu ndi wogulitsa ndi mwini vidiyo sho. Dziwaninso kuti kulipira akaunti yanu sikukupatsani ufulu woonetsa mafilimuwo kwa anthu olipira pakhomo, chifukwa akauntiyo ndi yoonera panyumba basi.

Masamba a pa intaneti oonetsa anime mwakuba nawo sakhalitsa. KissAnime, imene inali yotchuka kwambiri, inatsekedwa mu 2020, ndipo masamba amene amatulukira m'malo mwake amadzaza ndi zotsatsa zachinyengo ndi mavairasi, zomwe n'zoopsa pa foni imene mumasungiranso ndalama. Njira zaulere zovomerezeka zachepa, popeza kuyambira mu 2022 Crunchyroll inasiya kuonetsa magawo atsopano kwa osalipira, ndipo matchanelo a pa YouTube monga Muse Asia ndi Ani-One Asia ali ndi zilolezo za mayiko a ku Asia, kotero mavidiyo awo ambiri satseguka kuno. Ngati netiweki ya kwanuko ndi yofooka, funsani musanalipire ngati mtundu wa malipiro amene mukusankha umalola kudawuniloda, kuti muzitsitsa magawo mukapita ku boma n'kukaonera kunyumba. Magawo otsitsidwawo amatseguka m'pulogalamu ya kampaniyo mokha, sakopereka pa fulashi, ndipo amasiya kutseguka malipiro anu akatha.