Kodi ndingaphunzitse yoga ndisanathe kuima chadodolido?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene wandipempha kuti ndisamutchule dzina. Wakhala akuchita yoga kwa zaka ziwiri m'chipinda chake, m'mamawa ana asanadzuke, potsatira mavidiyo a pa YouTube. Msana umene unkamuvuta chifukwa chokhala pa desiki tsiku lonse unaleka kuwawa. Tsopano anzake atatu a kuntchito akumukakamiza kuti aziwaphunzitsa Loweruka lililonse. Funso lake ndi ili: "Ndimamva anthu akunena kuti yoga imakhwimitsa munthu, ndipo kuphunzitsa kumamukhwimitsa koposa. Koma ine kuima chadodolido sinditha, ndipo masiku ena ngakhale kugwira zala zakuphazi osapinda mawondo kumandikanika. Kodi ndingaphunzitse anzanga? Nanga kukhwima akunenako n'kotani kwenikweni?"

Achemwali, tiyambe ndi za chadodolidozo chifukwa ndi zimene zikukusowetsani tulo, pamene ndi zazing'ono kwambiri pa zonse mwafunsa. Buku lakale la ku India limene aphunzitsi a yoga amalitchula kawirikawiri, Yoga Sutra la Patanjali, lili ndi timawu tachidule pafupifupi 196. Pa tonseto, tonena za kakhalidwe ka thupi, kamene amati asana, ndi titatu tokha, ndipo kodziwika kwambiri kamangoti munthu akhale mokhazikika komanso momasuka. Asana ndi gawo limodzi chabe mwa magawo 8 a yoga amene bukuli limafotokoza. Magawo awiri oyamba, yama ndi niyama, amanena za makhalidwe: kusapweteka chamoyo, kunena zoona, kukhutira ndi zimene uli nazo, kudzifufuza wekha. Za kuima ndi mutu mulibemo. Zambiri zimene timaziona pa intaneti masiku ano, anthu atapindika ngati waya, zinafala kwambiri m'zaka za m'ma 1900, makamaka kuchokera ku Mysore, mzinda wa ku India, kumene Tirumalai Krishnamacharya ankaphunzitsa m'zaka za m'ma 1930 mothandizidwa ndi mfumu ya kumeneko.

Mwa ophunzira a Krishnamacharya munali mlamu wake, B.K.S. Iyengar, ndipo nkhani yake ndi imene ndikufuna muimvetse. Iyengar anabadwa mu 1918 ndipo anakula ali wodwaladwala: malungo, taifodi, chifuwa chachikulu, zonse zinamupeza ali mwana. Mu 1937, ali ndi zaka 18, mphunzitsi wake anamutumiza ku Pune, mzinda wina wa ku India, kukaphunzitsa. Anali asanakhwime ayi, Chingerezi chinkamuvuta, ndipo ena mwa ophunzira ake anali amphamvu kuposa iye. Ankathera maola ambiri akudziphunzitsa yekha kuti asachite manyazi pamaso pawo. Koma chimene dziko limamukumbukira nacho lero chinachokera kwa odwala ndi okalamba amene ankabwera kwa iye osatha kuchita zimene iye ankatha. Anayamba kuwapatsa zothandizira: njerwa yoti dzanja litsamire ngati silikufika pansi, lamba wokokera phazi, mpando, bulangete lopinda. Zipangizo zimene zikugulitsidwa modula lero m'masitolo a yoga zinayamba chifukwa mphunzitsi wina anayang'anitsitsa thupi la munthu amene sankatha.

Pamenepo ndi pamene pagona yankho langa. Kuchita yoga pawekha kumakuphunzitsa kumvera thupi lako. Kuphunzitsa kumakuchotsa pakati pa bwalo, n'kuikapo munthu wina. Ndipo zimenezo zimapweteka kuposa momwe mungaganizire.

Ine tsiku langa loyamba kuphunzitsa ndinali nditakonzekera ngati mayeso. Tinabwereka kaholo kena, anthu asanu ndi mmodzi, mphasa zathu titayala pa simenti yozizira. Ndinaima kutsogolo, ndikuwapatsa nkhongo, ndikuchita surya namaskar, mndandanda uja wa makhalidwe a thupi 12 wolonjera dzuwa, ndikuwerenga mokweza ndi mawu amene ndinabwereka kwa mzungu wa pa vidiyo. Ndinali pakati pa ulendo wachitatu pamene ndinamva mawu kumbuyo kwanga: "Aphunzitsi, ife tatsala panjira." Nditacheuka ndinapeza mayi wina wa zaka za m'ma 60 ali chigwadire, dzanja limodzi pa bondo, akupuma wefuwefu, chitenje chitamasuka. Anali atagwada pamenepo kuyambira ulendo woyamba. Ena awiri anali ataima akungondionerera ngati akuonera gule. Mphindi khumi zonse ndinali ndikuvina ndekha.

Loweruka lotsatira ndinabweretsa mpando wapulasitiki. Mayi aja anachita zonse atakhala, ndipo pamene tinafika powerama anamasula chitenje chachiwiri chimene anabwera nacho, n'kuchikoleka ku phazi, n'kumakoka pang'onopang'ono. Sindinawauze ine zimenezo, anaziganiza okha. Mpaka lero ndimagwiritsa ntchito chitenje m'malo mwa lamba, ndipo ndimanena kuti ndinaphunzira kwa wophunzira wanga. Kuchokera tsiku limenelo sindiphunzitsanso nditapatsa anthu nkhongo. Ndimayenda pakati pawo, ndimayang'ana nsagwada ngati zalumana, mapewa ngati akwera kufika m'makutu, ndimamvetsera mpweya. Munthu akasiya kupuma bwino ndiye kuti wapitirira malire ake, ngakhale thupi lake likuoneka lokongola bwanji.

Chodabwitsa n'chakuti khalidwe limeneli silitsala pa mphasa. Mwamuna wanga ndi amene anayamba kuona kuti ndasiya kudula anthu mawu. Ndinali munthu wofulumira kuyankha, wofuna kuti anthu adziwe kuti ndikudziwa. Koma ukazolowera kudikira kuti munthu atulutse mpweya wonse usanamuuze chochita, umayamba kudikiranso mwana wako kuti amalize chiganizo chake. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine ndinaphunzira kudekhako mochedwa, pa simenti ya kaholo kobwereka.

Sindikufuna kukunamizani kuti matama amatha. Chaka changa chachiwiri kunabwera mtsikana wina amene ankavina kale, wofewa thupi ngati mphira. Ndinamva kansanje kakundikwera. Ndinaganiza zoonetsa gulu lonse hanumanasana, kukhala pansi mwendo wina kutsogolo wina kumbuyo, thupi lisanatenthe n'komwe. Ndinamva kuti thu! kumbuyo kwa ntchafu, pamwamba pomwe mnofu umagwira fupa lokhalira. Ndinamwetulira, ndinamaliza phunziro, ndipo ndinakalirira m'galimoto. Miyezi itatu ndinkakhala pa mpando mopendekeka ngati ndili ndi chithupsa. Chimene chinandichititsa manyazi kwambiri si kuvulalako, koma kuti sabata imeneyo ndinali nditawauza ophunzira anga za ahimsa, kusapweteka, ndi kuti kumayambira pa thupi lako lomwe. Miyezi itatuyo ndinaphunzitsa ndi pakamwa pokha, osaonetsa kanthu, ndipo ndi nthawi imene ndinaphunzira kufotokoza zinthu momveka. M'malo mongoti "chitani chonchi", ndinayamba kunena kuti "kankhani chidendene pansi ngati mukuponda nsabwe ya m'masamba". Anthu anaseka, koma zidendene zinatsika.

Tsopano zimene muyenera kusamala nazo, chifukwa anzanu akukupatsani matupi awo. Musanayambe afunseni mmodzimmodzi, paokha, ngati ali ndi vuto la BP, la maso, la khosi kapena la msana, ngati anachitidwapo opareshoni, ngati ali oyembekezera. Amene ali ndi BP yokwera kapena matenda a maso otchedwa glaucoma asamachite zoika mutu pansi miyendo m'mwamba, ndiye kulephera kwanu chadodolido sikuwamana kanthu. Wodwala ayambe wafunsa dokotala wake. Musamakankhe munthu kuti afike patali, ndipo musamugwire musanapemphe. Ndikunena izi motsindika chifukwa aphunzitsi ena otchuka padziko lonse mbiri yawo inaipa pamene amayi ambiri anaulula kuti ankagwiridwa mosayenera m'dzina la kuwongola thupi. Ndipo wina akakufunsani chimene simukuchidziwa, muuzeni kuti mukafufuza. Mawu amenewo amatuluka movuta pakamwa pa mphunzitsi watsopano, koma akatuluka kamodzi mtima umapepuka.

Za satifiketi simunafunse, koma ndikudziwa kuti zibwera. Maphunziro a maola 200 amene mumawaona akulengezedwa amatsatira muyezo wa bungwe la ku America lotchedwa Yoga Alliance. Bungweli limalembetsa masukulu ndi aphunzitsi, si boma lopereka chilolezo. Maphunziro ena ndi abwino ndithu, makamaka pa kamangidwe ka thupi, ena ndi tchuthi chodula cha mwezi umodzi ku Rishikesh ku India kapena ku Bali ku Indonesia. Ngati mudzafuna kulipiritsa anthu osawadziwa, kaphunzireni. Koma chimene ndingakulimbikitseni pakali pano n'chakuti mupeze mphunzitsi wamoyo, ngakhale kamodzi pa mwezi, woti akuoneni ndi maso. YouTube siiona kuti bondo lanu lagwera m'kati.

Mwina mnzanu wina adzakufunsani ngati yoga si chipembedzo. Musazembe. Inachokera m'miyambo ya chipembedzo ya ku India, makamaka ya Chihindu, ndipo dzina lake limachokera ku mawu a Chisanskrit otanthauza kumanga pamodzi, ngati ng'ombe pa goli. Bungwe la United Nations linavomereza mu 2014 kuti pa 21 June pazikhala tsiku la yoga padziko lonse, ndipo anthu a zikhulupiriro zosiyanasiyana amaichita, ena ngati masewera olimbitsa thupi chabe. Ine sindiimbitsa nyimbo za Chisanskrit m'kalasi mwanga, koma sindibisanso kumene zinthuzi zinachokera. Amene mtima wake sukumasuka, mulekeni apite mwamtendere, ubwenzi wanu usathere pa mphasa.

Chimene chimandidetsa nkhawa pa inu ndi china. Mwanena kuti mumachita m'mamawa ana asanadzuke. Nthawi imeneyo ndi yanu, ndipo mukayamba kuphunzitsa idzayamba kubedwa osazindikira. Mudzapezeka muli pa mphasa koma maganizo ali pa Loweruka: ichi ndidzawafotokozera bwanji, ichi mnzanga uja sadzachitha. Ine zinanditengera pafupifupi chaka kuzindikira kuti ndasiya kuchita yoga, ndikungokonzekera maphunziro. Tsopano Lachiwiri ndi Lachinayi m'mawa ndimachita zanga zokha, zimene sindidzaphunzitsa aliyense, nthawi zina kungogona chagada miyendo nditaitsamiritsa kukhoma.

Ndiye auzeni anzanu atatuwo kuti inde, koma muwauze zoona: kuti mwachita zaka ziwiri, kuti simunapite kusukulu ya yoga, kuti mugawana nawo zimene zinathandiza msana wanu. Musawalipiritse. Loweruka loyamba konzani zinthu zisanu zokha zimene thupi lanu limazidziwa bwino, mphindi 40 zikwana, ndipo mphindi zisanu zomaliza agone chagada osachita kanthu. Mudzaona kuti pamenepo ndi pamene adzavutike kwambiri, wina adzatsegula diso limodzi kufunafuna foni yake. Bweretsani mpando ndi zitenje ziwiri. Mukamaliza mundilembere, mundiuze amene anatsala panjira ndi nthawi imene inakutengerani kuti mumuone.