Nkhawa mpikisano wa maboti oyendera mphepo ukayandikira

Mbale wanga, mwanena kuti mpikisano ukayandikira mumachita mantha ndi kusowa tulo, koma izi sizikusonyeza kuti ndinu wofooka, ndipo musasiye kupikisana chifukwa cha zimenezi. Pa zaka zimene ndakhala pamadzi, ndaona kuti chimene chimasautsa mtima kwambiri ndi mphepo, chifukwa imatembenuka mosayembekezereka, ndipo nthawi zina mumadikira maola ambiri kumtunda, maganizo akungozungulira, musanaloledwe kunyamuka. Ikani mtima pa zimene mungathe kuzilamulira, monga kanyamukidwe kanu ndi kakokedwe ka matanga. Kumbukiraninso kuti m'mipikisano yambiri, momwe maboti amapikisana maulendo angapo, ulendo umene mwachita moipitsitsa sauwerengera pomaliza. Koma kusowa tulo, kusafuna chakudya kapena kukhumudwa zikapitirira milungu iwiri, chonde kaonaneni ndi dokotala kapena katswiri wa zamaganizo.