Fyuzi ya magetsi akumbuyo ikungopsa, ndiikemo yaikulu?

Achimwene ena a ku Chinamwali anditumizira imelo, akuti ali ndi Sienta imene amanyamulira anthu pakati pa tauni ya Zomba ndi Jali, ndiye kukangoda nkuyatsa magetsi fyuzi yolembedwa TAIL ya 10A ikumapsa, magetsi akumbuyo onse thi, a pa dashibodi nawonso thi. Pena imatha masiku ili bwinobwino, pena akangoika yatsopano pompo yapsa. Wina pa depoti wawauza kuti angoikamo ya 20A nkhani ithe, nde akufunsa ngati angatero.

Achimwene, ya 20A imeneyo musaike chonde. Komanso zija anthu amachita zokulunga fyuzi yakupsa ndi kapepala konyezimira ka mu paketi ya fodya kapena kulumikiza ndi kawaya, zimenezo ndiye zoopsa kuposa. Taonani masamu ake, mababu a pa layini imeneyo ndi ang'onoang'ono, a 5W, akumbuyo awiri, a paki kutsogolo awiri, a pa nambala puleti, onse pamodzi sadya ngakhale ma amp 4. Ndiye ngati 10A ikupsa sikuti yachepa ayi, pali waya wamoto amene akukhudza bodi penapake, moto ukudutsa chidule osafika ku babu, ndiyo shoti imeneyo. Fyuzi imapsa dala kuti waya asapse. Mukaika yaikulu, waya woonda uja ndi amene atenthe, pulasitiki wake asungunuke agwirane ndi anzake mkati mwa mtolo wa mawaya, ndipo zimenezi zimachitikira kuseli kwa dashibodi komwe simukuona, inu muli ndi anthu mgalimoto. Mitundu ya mafyuzi ija ili ndi tanthauzo, yofiira 10A, yabuluu 15A, yachikasu 20A, yobiriwira 30A, pomwe panali yofiira pabwerere yofiira basi.

Mwanena kuti pena imapsa pena ayi, apa ndi pomwe ine ndagwira. Fyuzi ikamapsa nthawi yomweyo mukangoyatsa ndiye kuti waya wagona pa chitsulo. Ikamapsa mukagunda bampu kapena mukalowa msewu wafumbi wamaenje, waya wasupuka koma akungogunda bodi galimoto ikagwedezeka. Ikamapsa mvula ikagwa, ndipo mvula ya kuno kunsi kwa phiri mukuidziwa, yang'anani ngati nyali yakumbuyo yang'aluka madzi akulowa mu soketi. Kumbukirani bwino tsiku lililonse imene inapsa munali pati, mumatani.

Tsopano m'malo momangogula mafyuzi tsiku ndi tsiku, pangani ka testa kanu. Tengani babu la buleki la 21W, mulumikize mawaya awiri, kwinako mulowetse m'mabowo awiri momwe mumakhala fyuzi muja, njira yosavuta ndi kumangirira mawayawo ku timiyendo ta fyuzi yakupsa kale nkuibwezeretsa m'malo mwake. Babu limeneli silingalole moto wodutsa ma amp 2 ndiye palibe chipse. Yatsani magetsi a paki. Ngati shoti ilipo nthawi imeneyo babu liwala kwambiri, ngati palibe lingoyaka mofooka chifukwa likugawana moto ndi mababu ena aja. Liikeni poti muzilionera patali koma lisakhudze mpando kapena kapeti, limatentha.

Kenako muyambe kuzula zinthu chimodzichimodzi wina akuyang'ana babu. Zulani pulagi ya nyali yakumbuyo yakumanzere, onani, yakumanja, onani, za pa nambala puleti, za paki kutsogolo. Pomwe babu lifookere mwadzidzidzi, vuto lili mbali imeneyo. Ngati likungokhala lofooka chifukwa shoti yabisala, gwirani mtolo wa mawaya muziugwedeza pang'onopang'ono malo ndi malo, tsegulani chitseko chakumbuyo nkutseka kangapo, mudzaona babu likuti phethi phethi mukafika pamalo pake.

Ine ndikanakhala inu ndikanayambira malo awiri. Oyamba ndi pa chitseko chakumbuyo, pamwamba pafupi ndi mahinjesi pali kalabala kopindikapindika komwe mawaya amadutsamo kuchoka ku bodi kulowa m'chitseko. Galimoto ya hayala chitseko chimenecho chimatsegulidwa tsiku lonse, matumba a chimanga, mabasiketi a nsomba za ku Kachulu, ndiye mawaya amapindika mpaka chikopa chake kuthetheka. Kokani labalayo pang'ono musuzumire ndi tochi, mukaona kopa akunyezimira kapena waya wachita kuda ngati wawauka, mwampeza. Onaninso m'mbali mwa buti momwe katundu amakhula.

Achiwiri ndi wailesi, ndipo apa ambiri saganizirapo. Magalimoto ochokera ku Japan amabwera ndi wailesi imene FM yake imayambira pa 76 nkuthera cha pa 90, ndiye pafupifupi aliyense amasintha kapena kuikamo kachipangizo koti izigwira masiteshoni akuno. Pa mawaya a kuseli kwa wailesi pali mmodzi amene amakhala ndi moto pokhapokha mwayatsa magetsi a paki, ntchito yake ndi kuwalitsa mabatani usiku, pa mawailesi ogula padera amakonda kukhala wa olenji. Masana ukamuyeza amaoneka ngati wa earth, uja womangirira ku bodi, nde woika wailesi wopupuluma amamumangirira ku bodi, kapena kungomudula nkumusiya osakulunga akulendewera pafupi ndi chitsulo. Masana zonse bho, kukada muyatse magetsi fyuzi yapita. Ngati vutoli linayamba mutangosinthitsa wailesi, kuikitsa alamu kapena timagetsi tokongoletsa tija, musavutike ndi kwina, yambirani pomwepo.

Zina nzachidule. Babu la mafilamenti awiri la 21/5W likalowetsedwa mokakamiza kapena soketi ikachita dzimbiri zimathanso kuchita shoti. Makoswe nawonso amatafuna mawaya makamaka galimoto ikamagona pafupi ndi pomwe mwasunga chimanga.

Mukampeza wayayo, chotsani kaye teminolo ya negativu pa batire musanagwire chilichonse. Dulani pomwe pawonongeka, lumikizani waya wonenepa chimodzimodzi, awotchereni ndi soda yolumikizira mawaya osati kungopota ndi zala, muwaveke kachubu kofota ndi moto kaja kapena tepi wabwino, kenako mumange mtolowo usamakhulenso pa chitsulo. Ngati babu lanu likuwalabe mutazula mapulagi onse, shoti ili mkati mwa mtolo, apo pitani nayo kwa wa magetsi a galimoto osati makaniko wa injini, mukamuuze zonse mwazula ndi zomwe babu linachita kuti asayambirenso pachiyambi. Pakadali pano usiku musayende nayo achimwene, pa M3 paja malole amathamanga ndipo galimoto yopanda magetsi kumbuyo woyendetsa amaiona atafika kale pafupi.