Msuweni, siya kaye sikuluwuyo

Eee, msuweni. Moni nonse m'gulu muno. Azakhali mwaswera bwanji, mwendo uja ukupezako bwanji? Ndikuyankha ndi mawu chifukwa m'manjamu muli girizi, komanso zimene wafunsazi sizolemba ndi chala chimodzi. Dikira nditsitse wailesi... eya.

Wafunsa kuti sikuluwu ya idling, ija yochunira kalilidwe ka injini njinga ikaima, pa Honda ya malemu amalume uizungulire kangati kuti njinga ileke kuzima pa maloboti. Wati ukaima imazima, ukaikweza pang'ono injini imangolira pamwamba osatsika. Ndamva. Komatu iwe ndimakudziwa kuyambira uli wosavala. Iwe ukafunsa kuti kangati, ndiye kuti wazungulira kale, mwinanso zonse zinayi, ndipo sukukumbukanso pamene zinali. Ndanama? Chinanso, funso la sikuluwu munthu safunsa m'gulu la banja momwe muli azakhali ndi achemwali a ku Kabwe, pamene nambala yanga uli nayo. Chabwino. Tifikako.

Sikuluwu ya idling pa njinga imeneyo si imodzi ayi. Ija ndi CB350 ya 1972... ayi, 1971, mapepala ali m'sutikesi ya azakhali, aone okha. Masilinda awiri, makabuleta awiri a Keihin, ndipo kabuleta iliyonse ili ndi kebulo yake, sikuluwu yake yokwezera idling, ndi kasikuluwu kena kakang'ono kosakanizira petulo ndi mpweya. Ndiye ukakweza ya kumanzere yokha, zimakhala ngati ng'ombe ziwiri pa ngolo, ina ikukoka, inayo ikungoguzidwa ndi goli. Injini imanjenjemera, magalasi kuvina, ukafika pa maloboti a Manda Hill yoguzidwa ija imagona, njinga zii.

Koma ndisanapite patali ndikuuze za pa Luangwa, poti iwe unali usanabadwe... ayi, unali utabadwa, unali kumsana. 1987, Ogasiti. Kulamba, mwambo uja wa Achewa, kunali kutangoyambiranso mu 1984, atsamunda atakuletsa kuyambira 1934, ndiye amalume anati chaka chino ku Mkaika ndikafika ndithu, ndikaone Gawa Undi ndi maso angawa. Basi ya UBZ anaikana. Anati tipita pa Honda, ine kumbuyo. Ndinali ndi zaka 15. Chikwama chinali pakati pathu, muli shuga ndi sopo za agogo, zimene azakhali anaimira pa mzere masiku awiri. Nthawi ya Kaunda imeneyo, ana inu simungamvetse, ngakhale pulagi yeniyeniyo unkachita kuipempha kwa munthu wopita ku Harare.

Tinanyamuka ku Chilenje tambala woyamba asanalire. Kuzizira kwake! Chongwe tinadutsa kukadali mdima, Rufunsa dzuwa litatuluka, kenaka mapiri aja a Manenekera, msewu ukungokhota, kuphompho uku. Njinga ikuyenda bwinobwino. Titayamba kutsetserekera ku Luangwa, kutentha kwayamba, ndinangomva kumbuyo phwa! phwa! amalume akangotseka moto. Pofika pa msika uja wa nsomba zouma ndi madengu, mlatho usanafike, aima, koma injini osatsika. Ikungolira ngati munthu waigwira pakhosi. Ndipo pa mlathopo panali asilikali, nkhondo ya ku Mozambique ili mkati, sunkafuna kufika pamaso pawo ndi chinthu chophulikaphulika.

Anthu anatiunjirira. Ukudziwa mmene zimakhalira, njinga ikavuta pamsewu aliyense ndi makaniko. Panali mnyamata wina wa pa lole, sikuludilaiva ili kale m'manja, akuti mdala bweretsani ndikutsitsireni idling, mphindi imodzi basi. Wagwada kale. Amalume anangomugwira dzanja, mwaulemu ndithu, n'kunena kuti, "Mwana wanga, sikuluwu imeneyi ndinaisiya bwino Lamlungu. Yokha siyenda. Chayenda ndi china." Anazimitsa injini. Anagula nsomba yokazinga, tinakhala pa mthunzi, tikudya. Ine mtima uli m'mwamba, Katete akadali kutali, pafupifupi theka la ulendo latsala, iwo akuchotsa minga mmodzimmodzi ngati ali pakhomo pawo.

Injini itazizirako anatola nthenga ya nkhuku pansi. Nthenga, msuweni. Anaiviika mu thanki, n'kuliza njinga, n'kumadutsitsa nthengayo pa mphira ija yolumikiza kabuleta ndi injini. Kumanja, palibe chosintha. Kumanzere pamwamba, palibe. Atangoifikitsa kumanzere kunsi, kulira kwa injini kunasintha pomwepo. Anayang'ana mnyamata uja osanena kanthu. Mphira inali itang'ambika kunsi, kosaoneka, mng'alu wake ngati wa chidendene. Mpweya umalowera pamenepo osadutsa mu kabuleta, petulo n'kuchepa mu silinda imeneyo, ndiye chifukwa chake imalira pamwamba ndi kuphulika ku ekizozi. Anagula malegeni kwa mayi wina wogulitsa madengu, anakulunga mphira ija molimba, anamanga. Injini du, du, du, yabwerera pamalo pake. Sikuluwu sanaikhudze ngakhale imodzi. Mnyamata wa pa lole uja anatiperekeza mpaka pa mlatho akuseka yekha. Nyimba tinagula nthochi, Petauke tinathira petulo, ku Mkaika tinafika ng'oma zitayamba kale. Malegeni amenewo anakhalapo mpaka 1989, mphira yatsopano itapezeka, ndipo azakhali akukumbuka amene anabwera nayo, sinditchula.

Iwe za nthengazo usayesere, wamva? Petulo pa injini yotentha ndi moto. Gula kachitini ka carb cleaner, upopere pang'ono pokha pa mphirazo, panja, injini isanatenthetse, umvetsere ngati kulira kukusintha. Ndipo ndikukuuza, mphira zimene zili pa njingayo lero ndi zomwe zija za 1989. Zimene wafotokozazi, kulira osatsika, ine ndayamba kukayikira kumeneko.

Kuzima pa maloboti kuja mwina ndi nkhani ina. Njingayo yakhala m'chipinda chosungira katundu zaka 6 ndi petulo wakale m'mimba. Petulo akauma amasiya utomoni, ndipo jeti ya idling, kachitsulo kodutsira petulo mu kabuleta, bowo lake ndi laling'ono kwambiri, silichedwa kutsekeka. Ikatsekeka mbali imodzi, silinda imeneyo pa idling sidya kanthu, umangoyendera inayo. Imeneyo imafuna kumasula, kutsuka ndi mankhwala, kupopera mpweya. Singano ayi, ukulitsa bowo. Ukatsegula pamwamba pa kabuleta upezanso kamphira kopyapyala, diaphragm ija. Uyang'anitse kudzuwa, kakaboola paliponse njinga imakana kukoka ukaipatsa moto.

Amalume Lamlungu loyamba la mwezi, akachoka ku tchalitchi, ankavula jekete n'kutulutsa njinga pansi pa mtengo wa mapeyala uja, umene unadulidwa pa nkhani ya mpanda, tisaiyambe. Ndipo kabuleta inali yomaliza. Ankayamba injini ili yozizira. Tcheni cha m'kati cha timing achikunge, kenaka mavalavu: olowetsa 0.05, otulutsa 0.10, mamilimita amenewo, kachitsulo kopimira kazilowa mokhula pang'ono. Akachoka apo, mapointi, tizitsulo tija totsegula ndi kutseka moto wa pulagi, mpata wake 0.3 mpaka 0.4, ndipo silinda iliyonse ili ndi ake. Ukatsegula chivundikiro cha jenereta kumanzere uona zilembo pa gudumu lija. LF ndi ya silinda ya kumanzere, F ndi ya kumanja. Moto wa mbali imodzi ukamabwera mochedwa, ungazungulire sikuluwu mpaka Khisimisi, masilindawo sagwirizana. Batirenso. Njinga imeneyi moto wa pulagi umadalira batire, likafooka idling imatsokomola, makamaka ukayatsa nyali. Lako lija unabwereka kwa mlamu wako, ndaliona pa chithunzi, ndi lotupa m'mbali.

Zonsezo zikakhala bwino m'pamene ankailiza, kupita nayo ku Kabwata ndi kubwerako kuti itenthe. Ukaichuna ili yozizira, ikatentha idling imakwera yokha, ntchito yonse kubwereza. Tisikuluwu tating'ono tija umalowetsa pang'onopang'ono mpaka kagunde, osamanga ayi, nsonga yake sichedwa kuwonongeka, kenaka umabweza kuzungulira kamodzi, mbali zonse mofanana. Apo ndi poyambira chabe. Ukatero umasuntha pang'ono uku, pang'ono uku, kufuna pamene injini ikulira mosalala kwambiri, mbali imodzi kenaka inayo. Ndiye zazikulu zija za idling. Anyamata a masiku ano ali ndi mageji, ndi abwino, sindikutsutsa. Amalume analibe. Ankagwada kumbuyo kwa njinga, dzanja ili kuseri kwa ekizozi iyi, ilo kuseri kwa iyo, osakhudza chitsulo, maso ali chitsekere ngati akupemphera. Mpweya uzimenya m'manja monse mofanana. Mbali yomenya mofooka aikweze pang'ono, yomenya kwambiri aitsitse. Ine ndinali wogwira sikuludilaiva, iwo akungoti "kumanzere, pang'ono... wapyola, bweza." Zikafanana, zonse ziwiri kutsitsa mofanana mpaka muvi woonetsa liwiro la injini ukhale pa 1,200 kapena kutsikirako pang'ono.

Aaa, ndaiwala makebulo. Injini yozima, chala ichi pa kamkono ka kabuleta iyi, icho pa iyo, mnzako azipotokola chogwirira pang'onopang'ono. Timikono tonse tiwiri tidzuke nthawi imodzi. Kena kakatsogola, umakonza pa kanati ka kebulo yake. Usaikungenso kwambiri, uisiyire kampata, apo ayi ukakhotetsa chiwongolero injini izikwera yokha uli pakati pa minibasi za pa Cairo Road.

Tsopano tibwere pa zimene wafunsadi. Ndamva kuti kuli bambo wina wa ku Kamwala wabwera kawiri kudzaiona njingayo. Usafunse wandiuza ndani, m'banja muno nkhani sigona. Ndipo ine ndikuona ngati wafunsa muno kuti ine, amene ndimatchedwa makaniko wa banja, ndinene pamaso pa azakhali kuti njingayo yatha, kuti ukaigulitsa mtima usakupweteke. Sindikukuweruza, msuweni. Ndikudziwa Januwale akubwera, ana awiri sukulu, ndipo chinthu chongokhala m'nyumba chikudontha oyilo mkazi wako watopa nacho, ali ndi chifukwa. Koma bodza limenelo sindinena. Njingayo siinafe. Injini imene imadzuka ukaiponda kawiri itagona zaka 6 ndi yamoyo. Chavuta ndi mphira ziwiri, majeti akuda, batire, ndi makabuleta amene dzanja lako lawasiyanitsa. Ntchito ya Loweruka limodzi, mwina awiri ngati mphirazo tichedwa kuzipeza.

Ndipo ngakhale utati ugulitsebe, poti ndi ya atate ako, mawu omaliza ndi a iwe ndi azakhali, ine ndine mwana wa mlongo chabe, usaigulitse ikuzima. Bambo wa ku Kamwalayo akuidziwa bwino, n'chifukwa chake wabwera kawiri. Akufuna aitenge pa mtengo wa zitsulo zakutha, akaikonze masana amodzi, mawa lake uione ikudutsa pa Independence Avenue ikuwala. Honda analeka kupanga mtundu umenewo mu 1973, ndipo muno mu Lusaka yoyenda ndi mapepala ake oyamba suipeza wamba. Ngati vuto ndi fizi, undiimbire kumbali, osati muno, tione pamene tingagwirane manja. Koma njinga siinafe, ndanena, ndipo azakhali amva.

Ine maganizo anga enieni, Ogasiti akubwerayu tikanapita nayo ku Katete, iwe kutsogolo ine pambuyo pa galimoto ndi zipangizo. Makilomita pafupifupi 500, inayendapo ndi malegeni pakhosi, ingalephere ndi mphira zatsopano? Tikaime pa Luangwa ndikuonetse pamene tinakhala. Tikafikenso kumanda, poti chiliza chija tonse tikudziwa mmene chinathera, ena sanafike. Koma zimenezo tidzakamba njinga ikalira bwino.

Ndiye Loweruka m'mawa ubwere nayo kuno ku Chilenje. Usaikwere, ndi mmene ililimu ikuzimira pa Kabwe roundabout, upeze kagalimoto muikweze. Usakailize m'mawawo, ndikufuna ifike yozizira chifukwa cha mavalavu. Kuyambira pano mpaka tsikulo sikuludilaiva uipatse mkazi wako akusungire, iwe sindikukhulupirira. Ndipo bambo uja akaimbanso umuuze kuti njinga ili kwa dokotala, siili pa malonda mwezi uno. Azakhali, chonde mutiyang'anire m'chitini chija cha mabisiketi pamwamba pa kabati, muli tizitsulo topyapyala tomangidwa pamodzi ngati mpeni wopinda, ndi topimira mavalavu ta amalume. Mumupatse abwere nato. Msuweni, ubwerenso ndi mwana wako wamkulu uja, pakufunika wogwira chogwirira ife tikamaona makebulo. Basi, kasitomala wafika, ndatseka.