Kumwezi, pamwezi kapena m'mwezi? Mafunso anu pa Chichewa cha maroketi a Apollo

Ndine mphunzitsi wa sayansi pasekondale ina yoyendera. Tsiku lina ndinauza ana a Fomu 2 kuti mu 1969 amuna atatu a ku America anapita kumwezi. Anyamata anafa ndi phwete, atsikana ena n'kuzyolika. Kodi ndinalakwitsa Chichewa?

Aphunzitsi, chiganizo chanu chinali cholongosoka, kungoti mawuwo ali kale ndi ntchito ina pakhomo. Tikati mayi "ali kumwezi" kapena "wapita kumwezi" timanena mwaulemu za msambo, ndipo ana a msinkhu umenewo ndi pamene angowadziwa kumene mawu otere. Musawakalipire, komanso musawataye mawuwo. Yambani ndi chimene chinawanyamula anthuwo: "Chombo cha Apollo 11 chinanyamuka ku Florida pa 16 July 1969 kulowera kumwezi." Khutu likayamba lamva za chombo silisocheranso.

Poti mwayambitsa nkhaniyi, ndikupempheni muwaonetse anawo ntchito ya ku-, pa- ndi mu-, chifukwa timaphatikizo titatuti timalongosola ulendo wonse wa Apollo. Ku- amaloza kumene ukulowera kapena dera limene wafika. Pa- amafuna kuti ukhudze, uponde. Mu December 1968, Frank Borman, James Lovell ndi William Anders a Apollo 8 anafika kumwezi, anauzungulira ka 10, n'kubwerako osatera. Amenewo anafika kumwezi koma sanafike pamwezi. Chimodzimodzi Michael Collins wa Apollo 11: iye anatsala m'chombo chachikulu chotchedwa Columbia akuzungulira, pamene Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin anatsika ndi kachombo kotchedwa Eagle n'kutera pamwezi pa 20 July. Pakati pa 1968 ndi 1972 amuna 24 anafika kumwezi, koma 12 okha ndiwo anaponda pamwezi.

Kutsala kwa Collins sikunali kumukondera kapena kumupondereza. Kunachokera ku masamu a kulemera. Akanati chombo chonse chitere ndi kunyamukanso, pakanafunika roketi yoposa imene akanatha kuimanga m'nthawi imene Pulezidenti Kennedy wa ku America anaika mu 1961 yoti anthu akhale atafika pamwezi. Injiniya wina, John Houbolt, analimbikira kuti chombo chachikulu chizitsala m'mwamba, kakang'ono kopepuka n'kumatsika kokha, kenaka ziwirizo zikumanenso. Akuluakulu ambiri poyamba sanamumvere, koma mu 1962 bungwe la NASA, loyendetsa maulendo a m'mlengalenga ku America, linavomereza njira yakeyo. Ngakhale Eagle weniweniyo sanabwerere wathunthu: mbali yake yam'munsi, ya miyendo inayi, idakali pamwezi mpaka lero.

Chenjezo n'lakuti "pamwezi" timanenanso pa za malipiro ndi lendi, choncho mneni azikhala woonekera: kutera, kuponda, kuyenda. "M'mwezi" musiyireni nthawi basi: anatera pamwezi m'mwezi wa July.

Ndikulemba kabuku ka ana. Pena ndalemba roketi, pena chombo, ndipo mnzanga akuti Chichewa chenicheni ndi mzinga. Ndisankhe liti?

Mayi, atatu onsewo muwafuna, koma lililonse pamalo pake. Mukawasakaniza, mwana aganiza kuti chimene chinanyamuka ku Florida ndi chomwecho chinakatera pamwezi, zimene si zoona.

Chombo ndi chimene muli anthu, monga momwe takhala tikunenera za zombo zapanyanja. Roketi ndi chimene chimakankha chombocho kuti chichoke padziko. Roketi ya Apollo inkatchedwa Saturn V. Itaima inali yaitali mamita 110, ndipo itadzazidwa inkalemera matani pafupifupi 2,900, koma chombo cha anthu chinali kansonga chabe pamwamba pake. Pa zonsezo, chimene chinabwerera padziko pa 24 July n'kugwera m'nyanja ya Pacific ndi kachipinda kamodzi ka anthu atatu.

Mzinga ndi chida chankhondo, ndipo mnzanuyo sanaphonye kwenikweni, chifukwa mbiri ya roketi inadzera kumeneko. Wernher von Braun, amene anatsogolera ntchito ya Saturn V ku Huntsville m'chigawo cha Alabama, ndi yemweyo anatsogolera kupanga roketi yankhondo yotchedwa V-2 ku Germany m'nthawi ya Hitler. Kuyambira mu September 1944 ma V-2 ankagwa pa London, kenaka ndi pa mzinda wa Antwerp ku Belgium. Ankawapangira m'mapanga apansi pa phiri, ndipo ogwira ntchitoyo anali akaidi a kundende ya Mittelbau-Dora, amene anafa zikwizikwi ndi njala, matenda ndi nkhanza. V-2 muitchule mzinga mosaphiphiritsa. Ine ndikadakonda kuti ngakhale m'kabuku ka ana mukhale chiganizo chimodzi chokumbukira akaidiwo.

Pa za mgwirizano wa mawu, lembani "roketi yaikulu, roketi iyi", ndipo zikachuluka "maroketi aakulu, maroketi awa". Mumva ena akuti "roketi lalikulu", monga momwe ena amati "galimoto langa" pamene ena amati "galimoto yanga". Sankhani njira imodzi, muisunge kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza.

Ndili Fomu 4. Ndinawerenga kuti Saturn V inali m'zidutswa zitatu zimene zinkathothoka m'njira. Ndizitchule masiteji? Nanga ndinene kuti inkayendera mafuta pamene ena anali mpweya?

Mwananga, mawu oti siteji pakati pathu ndi pokwerera minibasi kapena pochitira zisudzo, ndiye owerenga ako asokonezeka. Nena kuti "magawo atatu osanjikizana". Mneni "kuthothoka" waugwira bwino, ngakhale "kulekana" ndi wolondola koposa, chifukwa magawowo sankagwa mwangozi. Ganizira munthu wokwera phiri atasenza zigubu zitatu za madzi. Chigubu chikatha, kuchinyamulabe n'kudzitopetsa chabe, amachisiya. Gawo loyamba linkayaka mphindi ziwiri ndi theka zokha, n'kulekana nayo roketi ili m'mwamba makilomita opitirira 60, n'kukagwera m'nyanja ya Atlantic. Lachiwiri linkayaka pafupifupi mphindi 6. Lachitatu, la injini imodzi, linkayaka kawiri: koyamba kuti chombo chiyambe kuzungulira dziko, kachiwiri kuti chilunjike kumwezi, ulendo wa makilomita pafupifupi 384,000.

Mawu oti mafuta agwiritse ntchito momasuka pa chilichonse chimene injini imawotcha. Gawo loyamba linkawotcha palafini woyengedwa bwino, m'bale wake wa palafini wa m'koloboyi. Magawo enawo ankawotcha haidirojeni. Koma okosijeni usamutchule mafuta: iye ndi amene amachititsa kuti mafutawo ayake, ndipo roketi imasenza wakewake chifukwa kumene ikupita kulibe mpweya. Kuti akwane m'thanki ankamuziziritsa mpaka madigiri 183 kunsi kwa ziro, n'kusanduka wamadzimadzi. Haidirojeni ankamuziziritsa mpaka madigiri 253 kunsi kwa ziro. Choncho lemba "okosijeni wamadzimadzi". Usalembe "madzi a okosijeni", owerenga angaganize za madzi akumwa.

Kodi roketi imauluka?

Pocheza, palibe angakutsutseni, achimwene. Polemba, ine ndimasiyira kuuluka mbalame ndi ndege, zimene mapiko ake amatsamira mpweya. Roketi imadzikankha yokha potulutsa moto kumbuyo, n'chifukwa chake imayenda ngakhale kopanda mpweya. Nenani kuti inanyamuka, inakwera, inatumizidwa. "Kuulutsa roketi" kumamveka ngati za pawailesi, ndipo "kuponya" n'kwa mzinga. "Kutera" kokha ndiko tibwereke kwa mbalame mosakayika.

Mwana wanga analemba pa mayeso kuti roketi imaphulika kuti inyamuke, aphunzitsi n'kumuchonga kuti walakwa. Koma pa kanema timaona moto ndi utsi ponseponse. Kodi si kuphulika kumeneko?

Bambo, aphunzitsiwo anachita bwino, ndipo mwanayo mumufotokozere modekha chifukwa maso ake anaona zoona, lilime lokha ndilo linaterereka. Kuphulika kumachitika kamodzi, phuu! chinthu n'kumwazikana. Chimene chimachitika m'injini ya roketi ndi kuyaka, moto wolilima koma womvera, wotulukira mbali imodzi kwa mphindi zingapo. Mainjini asanu a gawo loyamba, otchedwa F-1, ankawotcha pamodzi matani pafupifupi 13 a palafini ndi okosijeni pa sekondi iliyonse.

Kusiyana kwa kuyaka ndi kuphulika ndiko kunawasowetsa tulo mainjiniya a kampani ya Rocketdyne, imene inkapanga mainjiniwo. M'chipinda choyakira cha F-1 moto unkayamba kunjenjemera, kukankha uku ndi uku mofulumira kwambiri, ndipo mu 1962 injini ina inang'ambika poiyesa, zisanathe n'komwe kuphethira kwa diso. Mankhwala ake anawapeza mwa kuyesa ndi kuyesanso. Pa chimbale cha timabowo tambirimbiri topoperamo mafuta anamangapo timakoma tamkuwa togawa motowo m'zipinda. Ndiyeno, kuti atsimikize, ankaika dala kabomba kakang'ono m'injini ikuyaka, n'kukaphulitsa, kuti aone ngati motowo ubwerere m'malo mwake wokha. Injini imene inkakhazikikanso sekondi isanathe ndiyo ankaikhulupirira. Saturn V inanyamuka ka 13 pakati pa 1967 ndi 1973, ndipo palibe imene inaphulika.

Mwanayo akafuna chitsanzo cha mneni wakeyo, chilipo. Dziko la Soviet Union linamanga roketi yake ya kumwezi yotchedwa N1, ya mainjini 30 pagawo loyamba lokha. Anaiyesa kanayi pakati pa 1969 ndi 1972, popanda munthu m'kati, ndipo maulendo onsewo inalephera. Pa 3 July 1969, kutatsala masiku 13 kuti Apollo 11 inyamuke, N1 inangokwera pang'ono ku Baikonur, malo onyamukira maroketi a dzikolo, mainjini n'kuzima, n'kugwera pomwe inanyamukira, malo onsewo n'kusanduka bwinja. Imeneyo ndiyo alembe kuti inaphulika.